Alonda a m'Ubongo ndi Cotupa Cowanyenga

 Nkhani yathu ya lero ndi mbiri ya nzeru za asing'anga, ndipo iyamba ndi funso limodzi. Munthu akalasidwa ndi munga, kapena akacekedwa ndi citsulo pa nchito, bala limatupa ndi kucita mafinya, ndipo patapita masiku limapola. Amene agwira nchito pamenepo ndiwo asilikari a m'thupi, othamangira pa bala kukapha tizirombo ndi kucotsa zoola. Nanga cifukwa ninji asilikari omwewo alephera kugonjetsa cotupa comera m'ubongo?

Funso limeneli ndi la moyo ndi imfa. Pali khansa ina ya m'ubongo yochedwa glioblastoma, imene ngakhale odwala alandire cithandizo conse ca cipatala cabwino, pafupifupi theka la iwo amamwalira isanathe miyezi 15. Anthu anzeru afunafuna yankho zaka zoposa 100, ndipo limene alipeza ndi lodabwitsa. Alonda a m'ubongo alipo ndithu, ndipo ali maso. Koma cotupa ciwaitana, ndipo akafika ciwalemba nchito yace.

Ulimbo wa Virchow

Poyamba tidziwe kuti thupi lonse lamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono tamoyo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Tizigawo timeneti tichedwa maselo, ndipo sitioneka ndi maso koma ndi galasi lokulitsa zinthu, la maikulosikopu. M'ubongo muli maselo a minyewa, amene atumiza mauthenga kuti munthu aganize, alankhule ndi kuyenda. Koma pakati pa maselo a minyewawo pali zinanso zodzaza mipata.

M'caka ca 1856 dotolo wa ku Germany, Rudolf Virchow, anacha zodzaza mipatazo dzina lakuti neuroglia, ndiko kunena kuti ulimbo wa minyewa, pakuti anayesa kuti nchito yace ndiyo kumata minyewa pamodzi cabe. Iye yemweyo anaona kuti zotupa zambiri za m'ubongo zimamera kucokera mu ulimbo umenewu, nazicha glioma. M'caka ca 1863 anaonanso kuti m'kati mwa zotupa za m'thupi mupezeka maselo oyera a m'mwazi, onga amene apezeka pa bala, naganiza kuti khansa imayamba pa malo otupa nthawi yaitali.

Masiku amenewo cotupa ca m'mutu cinali ciweruzo ca imfa. Pa 25 November 1884, ku London, Rickman Godlee anatsegula cibade ca mnyamata wa zaka 25 amene anali kugwa khunyu ndi kufa dzanja, nacotsa glioma m'kati mwa ubongo wace. Ambiri awerenga opaleshoni imeneyo kuti ndiyo yoyamba ya mtundu umenewo. Wodwalayo anatsitsimuka nalankhula, koma bala linalowa tizirombo, ndipo anamwalira patapita masabata 4.

Maselo akudya, ndi mpanda wa ubongo

Zaka ziwiri m'mbuyo mwace, m'caka ca 1882, munthu wa ku Russia dzina lace Élie Metchnikoff anali ku Messina, pa cisumbu ca Sicily, kuyang'ana tiana ta kanyama ka m'nyanja yamcere kooneka ngati nyenyezi. Tiana timeneti tionekera m'kati monga galasi. Anatilasa ndi minga, ndipo m'mawa mwace anapeza maselo oyendayenda atazinga mingayo. Pamenepo anazindikira kuti thupi liri ndi maselo akudya adani. Akulu mwa maselo amenewa achedwa macrophage, kutanthauza wakudya wamkulu. Cifukwa ca nchito imeneyo Metchnikoff analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1908, pamodzi ndi Paul Ehrlich.

Koma ubongo unaoneka kuti uli ndi malamulo ace. Ehrlich, m'caka ca 1885, anathira utoto m'mwazi wa nyama, napeza kuti ziwalo zonse zasintha mtundu, ubongo wokha watsala woyera. Wophunzira wace Edwin Goldmann, wobadwira ku Burgersdorp m'dziko la South Africa, anatembenuza mayeso amenewo m'caka ca 1913. Iye anathira utoto wobiriwira ngati thambo m'madzi ozinga ubongo, ndipo ubongo wokha unasintha mtundu, thupi lonse osakhudzidwa. Cotero kunadziwika kuti pakati pa mwazi ndi ubongo pali mpanda. Makoma a timitsempha ta mwazi ta m'ubongo ndi othinana kwambiri, salola ciri conse kudutsa mwa cisawawa. Anthu anayamba kufunsa kuti, ngati asilikari a m'mwazi atsekeredwa kunja, kodi ndani alonda m'kati?

Mlonda apezeka ku Madrid

Yankho linacokera ku Spain. Kumeneko kunali katswiri wochuka, Santiago Ramón y Cajal, amene analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1906 cifukwa ca kufufuza minyewa. M'caka ca 1913 iye ananena kuti m'ubongo muli gulu lacitatu la maselo aang'ono, amene utoto wace unalephera kuwaonetsa bwino. Akulu anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Wodekhayo anali Pío del Río Hortega, mnyamata wogwira nchito m'nyumba yofufuziramo yomweyo, amene anayesa mankhwala osiyanasiyana kufikira anapeza utoto wopangidwa ndi siliva woonetsa timaselo timeneto ndi nthambi zace zonse.

M'caka ca 1919 Río Hortega analemba zimene anaona, nacha timaseloto microglia, ndiko kuti ulimbo waung'ono. Ananena kuti timeneti si abale a minyewa, koma a mtundu wina umene ulowa m'ubongo mwana asanabadwe. Ananenanso kuti pamene ubongo uli bwino, tikhala ndi nthambi zoonda ngati mizu ya udzu. Koma ubongo ukabvulala, tipinda nthambi zace, tinenepa, tiyenda kunka pa bala ndi kudya zakufa. Mau amenewa sanamkondweretse Cajal, ndipo m'caka ca 1920 anamcotsa mnyamatayo m'nyumba yace yofufuziramo. Pambuyo pace nkhondo ya paciweniweni ya ku Spain, yoyamba m'caka ca 1936, inamthamangitsira ku Paris, ku Oxford, ndi potsiriza ku Buenos Aires, kumene anamwalira m'caka ca 1945. Koma zimene ananena za microglia zatsimikizika kufikira lero.

M'caka ca 1924 dotolo wa opaleshoni wocokera ku New York, Wilder Penfield, anapita ku Madrid kukaphunzira utoto wa siliva kwa mwini wace. Caka cotsatira, 1925, analemba kuti anapeza microglia m'kati mwa zotupa za glioma, tiri kudya zidutswa za maselo akufa. Ameneyu ndiye mmodzi wa oyamba kuona mlonda ndi cotupa ali pamodzi. Pa nthawi imeneyo anthu anawayesa osesa cabe, ocotsa zinyalala za cotupa, ndipo maso a madotolo anali pa maselo a cotupa ceni ceni. M'caka ca 1926, ku Boston, Percival Bailey ndi Harvey Cushing anagawa zotupa za glioma m'mitundu yace, naonetsa kuti ina imakula pang'onopang'ono ndi ina msanga. Yoopsa koposa mwa yonseyo ndiyo imene lero ichedwa glioblastoma.

Mudzi wopanda mthenga

Panali cinthu cina cimene cinacititsa kuti nkhani ya alonda iiwalike zaka zambiri. M'caka ca 1921 wofufuza wa ku Japan, Shirai, anatenga cotupa ca khoswe nacibzala mwa mbewa. Pansi pa khungu cinafa, pakuti thupi la mbewa linacizindikira kuti ncacilendo. Koma m'ubongo cinamera. M'caka ca 1948 Peter Medawar wa ku Britain, amene anayamba kufufuza za kubzala khungu cifukwa ca anthu opsa ndi moto pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, anabzala kacidutswa ka khungu la kalulu mu ubongo wa kalulu wina, ndipo kanakhala ndi moyo osakanidwa. Kucokera pamenepo ophunzira a zaudotolo anaphunzitsidwa kuti ubongo ndi mudzi wapadera, kumene asilikari a m'thupi safikako.

Komatu Medawar anapezanso cinthu caciwiri, cimene ambiri sanacisamale. Kalulu akayamba wabzalidwa khungu lacilendo pa thupi, ndipo asilikari ace alidziwa kale, pamenepo kacidutswa ka m'ubongo kanali kuphedwanso. Ndiko kunena kuti asilikari akhoza kulowa m'mudzimo akauzidwa. Cosowa cinali mthenga wokawauza. M'ziwalo zina mthenga amayenda m'timitsempha ta madzi topita ku anabere, amene inu muwadziwa potupa m'khwapa kapena m'mphecepece munthu akakhala ndi cironda. Kumeneko ndiko asilikari ochedwa maselo a T aphunzira nkhope ya mdani. Ndipo pa nthawi imeneyo kunali kukhulupiridwa kuti ubongo ulibe timitsempha totere.

Cinyengo cibvumbuluka

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1980. Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, Adriano Fontana ndi anzace anapeza m'caka ca 1984 kuti maselo a glioblastoma aturutsa cinthu cofoola maselo a T. Pofika 1987 cinthuco cinadziwika dzina, ndico TGF-beta. Cotero cinaoneka kuti cotupa sicingobisala kuseri kwa mpanda, koma ciri ndi mankhwala ace ogonetsa asilikari.

Ndipo pamene njira zowerengera maselo zinakula, madotolo anadabwa ndi ciwerengero. Mu ubongo wabwino microglia ndi selo limodzi mwa maselo 10, kapena pafupi ndi pamenepo. Koma m'glioblastoma, microglia pamodzi ndi macrophage ocokera m'mwazi akhoza kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a maselo onse a cotupaco, ndipo nthawi zina kufikira theka. Taganizani: dotolo akacotsa cotupa, gawo lalikuru la cimene wacotsaco ndi alonda a wodwalayo. Akadakhala ali kumenya nkhondo, cotupa cokhala ndi alonda ambiri cikadakhala cofatsa. Koma kawirikawiri zotupa zoopsa ndizo zodzala ndi alonda.

Pa nthawi yomweyo mlonda mwini wace anadziwika bwino. M'caka ca 2005 magulu awiri, lina ku Germany lina ku New York, anayang'ana m'ubongo wa mbewa zamoyo ndi maikulosikopu yamphamvu, naona kuti nthambi za microglia sizipuma usana ndi usiku. Zitambasuka ndi kubwerera, zikhudza ici ndi ico, ndipo pakaoneka bala zifikapo mphindi zowerengeka. M'caka ca 2010 Florent Ginhoux ndi Miriam Merad, ku New York, anaonetsa mwa mbewa kuti microglia acokera m'kathumba kamene kakhala pambali pa mluza masiku oyamba, alowa m'ubongo nthawi imeneyo, ndipo abalana momwemo moyo wonse. Motero mu cotupa muli magulu awiri: eni mudzi, ndiwo microglia, ndi obwera, ndiwo macrophage ocokera m'mafuta a m'mafupa, amene alowa ndi mwazi pamene cotupa cagumula mpanda.

Nanga cotupa ciwanyenga bwanji? Ciyamba ndi kuturutsa zoitanira, monga CCL2 ndi CSF-1, zonga mfuu ya munthu wobvulala. Mlonda amva mfuuyo nathamangirako. Tsono mlonda wa m'thupi ali ndi nchito ziwiri: kupha mdani, ndi kupoletsa bala nkhondo itatha. Popoletsa bala amaitana mitsempha yatsopano ya mwazi, amafewetsa minofu kuti maselo atsopano apeze njira, amaturutsa zokulitsa maselo, ndipo amauza asilikari ena kuti aleke kumenya. Cotupa cidzionetsa kwa iye monga bala losapola, ndipo iye acita nchito yaciwiriyo mokhulupirika. Mitsempha yatsopano idyetsa cotupa. Minofu yofewa icipatsa njira yolowera m'ubongo wabwino. Ndipo maselo a T ocepa amene afikako auzidwa kuti akhale cete. Ziri ngati mbala yafika pa cipata itabvala zobvala za kapitao, ndipo mlonda, poyesa kuti acita bwino, aitsegulira nkhokwe ndi kuithandiza kusenza katundu.

Umboni wace unaoneka ku Berlin m'caka ca 2009, m'nyumba yofufuziramo ya Helmut Kettenmann. Anapeza kuti maselo a glioma acititsa microglia kupanga cinthu cochedwa MT1-MMP, cimene cinola mpeni wa cotupa wodulira minofu yozinga. Pamene anacotsa microglia mu ubongo wa mbewa, zotupa zinacepa kwambiri.

Zipata zinapezeka, koma asilikari ali kutali

M'caka ca 2015 ciphunzitso cakale cija cinagwedezeka. Antoine Louveau ndi Jonathan Kipnis ku University of Virginia, ndiponso Aleksanteri Aspelund ndi Kari Alitalo ku Helsinki, anapeza timitsempha ta madzi m'cikopa cokuta ubongo, totsikira ku anabere a m'khosi. Njira ya mthenga iripo ndithu. Munthu wa ku Italy, Paolo Mascagni, anali atajambula timitsempha totere m'caka ca 1787, koma anthu sanamkhulupirire.

Ngakhale ziri tero, glioblastoma iri ndi macenjera enanso. M'caka ca 2018 gulu la Peter Fecci ku Duke University linapeza kuti odwala ambiri, asanalandire mankhwala ali onse, ali ndi maselo a T ocepa m'mwazi, cifukwa ambiri atsekeredwa m'mafuta a m'mafupa. Palinso bvuto locokera ku mankhwala. Kuyambira 1961, pamene Joseph Galicich wa ku Minnesota anaonetsa kuti dexamethasone aphwetsa kutupa kwa ubongo, mankhwala amenewa apulumutsa odwala osawerengeka ku mutu woopsa ndi kukomoka. Koma omwewo afoolanso asilikari a m'thupi, ndipo dotolo ayenera kuyesa muyeso wace mosamala.

Kuyesa kubweza alonda

Cithandizo cimene cipatsidwa lero cinakhazikika m'caka ca 2005, pamene Roger Stupp ndi anzace anayesa odwala 573. Opaleshoni itacitika, ena anaochedwa cotupa ndi ceza ca makina cokha, ena analandiranso mankhwala a temozolomide. Pakati pa oyambawo theka linafika miyezi 12.1, ndipo pakati pa aciwiriwo theka linafika miyezi 14.6. Kunali kupita patsogolo, koma kwa miyezi iwiri ndi theka cabe.

Pamenepo maso a anthu anatembenukira kwa asilikari. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan anapeza kuti maselo a T ali ndi zomangira zowaletsa kumenya mopitirira, ndipo mankhwala omasula zomangirazo aciritsa anthu ena a khansa amene kale analibe ciyembekezo. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2018. Caka comweco kunamveka kuti mwa odwala 94 a khansa ya pakhungu yochedwa melanoma, imene inafalikira ku ubongo, oposa theka zotupa zao za m'mutu zinaphwa kapena kuleka kukula atalandira mankhwala otere. Koma pamene mankhwala a nivolumab anayesedwa pa odwala 369 a glioblastoma yobweranso, zotsatira zace, zolengezedwa m'caka ca 2017, zinaonetsa kuti sanatalikitse moyo kuposa mankhwala ena. Mbali zonse ziwiri theka linafika pafupi miyezi 10. Phunziro lace ndi lomveka. Ubongo ndi womwewo ndi mpanda ndi womwewo, koma cotupa cina cigonja ndi cina cikana. Glioblastoma iri ndi zizindikiro zocepa zoidziwitsa kwa maselo a T, ndipo yazingidwa ndi alonda onyengedwa aja.

Ena anayesa kugwira alondawo. M'caka ca 2013 Johanna Joyce ndi gulu lace ku New York anapatsa mbewa mankhwala otseka khutu limene mlonda amvera nalo kuitana kwa CSF-1. Iwo anayembekeza kuti alonda a m'cotupa adzafa. Koma anakhala ndi moyo, nasintha makhalidwe, naleka kutumikira cotupa, ndipo mbewa zinakhala nthawi yaitali. Mankhwala ofanana nao atayesedwa pa anthu, zotsatira za m'caka ca 2016 sizinaonetse phindu. Enanso anatenga maselo a T a wodwala, nawaphunzitsa kunja kwa thupi kuzindikira cotupa, nawabwezera m'mutu mweni mweni. Njira imeneyi ichedwa CAR-T. M'caka ca 2016, ku City of Hope m'dera la California, zotupa za munthu mmodzi zinaphwa miyezi 7 ndi theka zisanabwerere. M'caka ca 2024, ku Massachusetts General Hospital mu Boston, zotupa za odwala 3 zinacepa m'masiku owerengeka, koma mwa awiri zinameranso.

Mwamva tsono, akumvera, kuti mankhwala ociritsa glioblastoma sanapezeke. Koma mbiri imeneyi yasintha funso limene asing'anga afunsa. Virchow anaona ulimbo, Penfield anaona osesa, ophunzira a Medawar anaona mudzi wotsekedwa; a lero aona kuti cotupa cimakula ndi manja a thupi lomwe, ndipo afuna njira yakuti mlonda azindikire amene wamtsegulira cipata. Mbewa zaonetsa kuti mlonda akhoza kubwezedwa. Cotsala ndi kucita comweco mwa munthu.

Tisanatseke, mau awiri kwa inu. Zotupa za m'ubongo siziri zofala, ndipo mutu wambiri umene uwawa ndi wa malungo, kutopa kapena dzuwa. Ndiponso zotupa zambiri za m'mutu siziri glioblastoma. Zina, monga zomera pa cikopa cokuta ubongo, zicotsedwa ndi opaleshoni munthu nakhala zaka zambiri. Koma munthu wamkulu akayamba kugwa khunyu osadwalapo kale, kapena mutu ukamuwawa moonjezereka masabata ambiri ndi kusanza m'mamawa, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zikayamba kufooka pang'onopang'ono, kapena mau ndi makhalidwe ace akasintha, musacedwe naye pa nyumba. Mupite naye ku cipatala kuti akamuyese. Tsalani bwino nonse.